Shuga wa azakhali anapita kuti? Anthu awiri akasintha nambala imodzi nthawi imodzi

Tsiku lina madzulo azakhali anga anandiimbira foni. Sanayambe ndi moni ayi. "Iwe, kapulogalamu kako kaja kakuti shuga watsala mapaketi 15. Ine ndawerenga pashelefu kawiri konse, alipo 12. Sabata yatha unali sopo. Msuweni wakoyu wayamba kundibera."

Azakhali ali ndi golosale pafupi ndi msika. Tsiku la msika anthu amachuluka, ndiye amatulutsa tebulo panja. Iwo amakhala pawindo m'kati, ndipo mwana wawo womaliza, amene nthawi imeneyo anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ankagulitsa patebulo. Katundu ndi yemweyo, ogulitsa awiri. Ine ndinali nditangophunzira kulemba mapulogalamu, manja akuyabwa, ndiye ndinawapangira kapulogalamu ka pafoni kosunga chiwerengero cha katundu wotsala. Mafoni anali awiri, koma nambala zinkasungidwa malo amodzi pa intaneti. Ukagulitsa chinthu, ukalowetsa, nambala itsika. Ndinkadzimva ngati katswiri.

Msuweni wanga analumbira kuti sanatenge kanthu. Azakhali anamuletsa kukhudza ndalama, ndipo kwa masiku angapo anthu awiriwa sankalankhulana bwino pakhomo. Loweruka ndinapita, ndipo tinawerenga ndalama za tsiku lonse la msika mosamala, kwacha iliyonse. Ndalama zinkagwirizana ndi katundu amene anachoka pashelefu. Palibe chinasowa. Wabodza anali pulogalamu yanga.

Nkhani ya lero ndi ya bodza limeneli. Ndi vuto lakale m'sayansi ya makompyuta, ndipo kumaiko ena linaphapo anthu.

Kuchotsa 3 si sitepe imodzi

Ife tikamati "chotsa 3 pa 20" timaona ngati ndi chinthu chimodzi. Kwa kompyuta ndi masitepe atatu. Choyamba iwerenge nambala imene ilipo. Chachiwiri ichite masamu. Chachitatu ilembe yankho pamalo pa nambala yakale. Werenga, werengetsa, lemba.

Wogwira ntchito akakhala mmodzi, palibe vuto. Zinthu zimasokonekera akakhala awiri, chifukwa masitepe a wina amatha kulowa pakati pa masitepe a mnzake. Taonani zimene zinkachitika kwa azakhali:

1. Azakhali atsegula tsamba la shuga. Foni yawo iwerenga 20.
2. Msuweni naye atsegula tsamba lomwelo. Foni yake iwerenga 20.
3. Azakhali agulitsa mapaketi 3. Foni yawo iwerengetsa, ilemba 17.
4. Msuweni agulitsa mapaketi 5. Foni yake ikudziwabe 20 uja, ndiye iwerengetsa, ilemba 15.

Pashelefu pachoka mapaketi 8, patsala 12. Pulogalamu ikuti 15. Mapaketi atatu a azakhali afufutika ngati sanagulitsidwe n'komwe. Chodabwitsa n'chakuti foni iliyonse payokha inachita masamu olondola. 20 kuchotsa 3 ndi 17, ndipo 20 kuchotsa 5 ndi 15. Cholakwika n'chakuti foni yachiwiri inagwiritsa ntchito nambala imene inali itatha kale ntchito.

A zamakompyuta vuto ngati ili amalitcha race condition, kutanthauza kuti yankho likudalira amene wafika msanga, ngati pa mpikisano wothamanga. Mtundu umene unatigwera ifewu amautcha lost update, chifukwa zosintha za munthu mmodzi zatayika.

Kuipa kwake n'kwakuti silichitika nthawi zonse. Masiku wamba, azakhali akugulitsa okha, pulogalamu inkayenda bwinobwino. Ine poiyesa kunyumba ndinkagwiritsa ntchito foni imodzi, ndiye ndikanaliona bwanji? Linkatuluka tsiku la msika lokha, komanso pokhapokha onse awiri atatsegula tsamba la chinthu chimodzi nthawi yofanana. Pa pulogalamu yanga mpata wa ngoziwo unkatha kukwana mphindi zingapo, nthawi yonse imene tsamba linali lotsegula. M'kati mwa kompyuta mpatawo umatha kukhala kachigawo kakang'ono kwambiri ka sekondi. Koma purosesa imachita masitepe mabiliyoni pa sekondi, ndipo mafoni a masiku ano ali ndi ma core angapo ogwira ntchito limodzi. Chinthu chimene chimachitika kamodzi pa miliyoni chimapezeka chikuchitika ndithu.

Makina a khansa amene anapha odwala

Pakati pa 1985 ndi 1987, m'zipatala za ku United States ndi Canada munali makina otchedwa Therac-25, opangidwa ndi kampani ya Atomic Energy of Canada Limited. Ntchito yake inali kuwotcha zotupa za khansa ndi radiation. Pa nthawi imeneyo panachitika ngozi 6 zodziwika, pamene odwala analandira mphamvu yopitirira muyeso kwambiri, ndipo ena mwa iwo anamwalira.

Makinawa ankagwira ntchito m'njira ziwiri. Pa zotupa za pafupi ndi khungu ankatulutsa ma electron ochepa mphamvu. Pa zotupa za m'kati ankatulutsa mtsinje wa ma electron wochuluka pafupifupi ka 100, koma mtsinjewo sunkayenera kufika kwa wodwala mwachindunji. Unkayamba wagunda kachitsulo kamene kankausandutsa X-ray. Choncho zinthu ziwiri zinkayenera kugwirizana nthawi zonse, kuchuluka kwa mphamvu ndi malo a kachitsulo kaja.

Ngozi ziwiri zinachitika mu 1986 pachipatala cha khansa mumzinda wa Tyler ku Texas. Woyendetsa makina anali atazolowera ntchito yake, zala zake zinkathamanga pa kiyibodi. Analemba x molakwitsa, anazindikira, anabwerera m'mwamba n'kusintha kukhala e. Zonsezi anazichita pasanathe masekondi 8. Tsono masekondi 8 amenewo ndi nthawi imene makina ankatenga kuti akonze maginito ake, ndipo mbali ya pulogalamu imene inkachita zimenezo sinkaona zosinthidwa pa nthawiyo. Mbali ina ya pulogalamu, yoyendetsa kachitsulo, inaona e ndipo inachotsa kachitsulo panjira. Mbali yoika mphamvu inatsala ndi x wakale uja. Pa sikirini zonse zinkaoneka zolondola.

Wodwala woyamba ankayenera kulandira ma rad 180. Akatswiri anayerekeza pambuyo pake kuti analandira pakati pa 16,500 ndi 25,000 pasanathe sekondi imodzi. Makina anangolemba kuti "Malfunction 54", uthenga umene sunkafotokoza kuti munthu wapsa. Wodwalayo anamwalira patapita miyezi isanu. Wachiwiri anamwalira patapita milungu itatu.

Kampani itayesa makinawo poyamba sinapeze vuto. Analipeza ndi katswiri wa physics wa pachipatala chomwecho, atakhala pansi ndi woyendetsa makina uja n'kumabwereza kulemba mothamanga mpaka uthenga uja unatulukanso. Wolemba pang'onopang'ono sakanaliona. Makina akale a kampani yomweyo, Therac-20, anali ndi vuto lofananalo m'pulogalamu, koma anali ndi zotetezera za magetsi zimene zinkadula mphamvu zinthu zikasemphana. Pa Therac-25 zotetezera zimenezo anazichotsa, anadalira pulogalamu. Nancy Leveson ndi Clark Turner anafalitsa kafukufuku wa ngozizi mu 1993, ndipo mpaka lero amaphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri.

Magetsi kuthima, ndalama kubedwa

Pa 14 Ogasiti 2003 magetsi anathima kumpoto chakum'mawa kwa United States ndi m'chigawo cha Ontario ku Canada. Anthu pafupifupi 50 miliyoni anakhudzidwa. Zoyambitsa zinali zingapo, kuphatikizapo mawaya amene anakhudza mitengo ku Ohio. Koma chimodzi chachikulu chinali chakuti pulogalamu yochenjeza ogwira ntchito pakampani ya FirstEnergy inaima mwakachetechete cha m'ma 2 koloko masana chifukwa cha race condition m'dongosolo lotchedwa XA/21. Kwa nthawi yoposa ola, anthu a m'chipinda choyang'anira magetsi sankalandira machenjezo pamene mawaya ankazima limodzi ndi limodzi. Pofika cha m'ma 4 koloko vuto linafalikira dera lonselo. Akatswiri anatha masabata angapo akufufuza asanapeze pamene panali cholakwika m'pulogalamuyo.

Akuba nawonso amalidziwa vutoli, ndipo amachita kulipanga dala. Mu Malichi 2014 kampani yaing'ono ya ku Canada yotchedwa Flexcoin, imene inkasungira anthu bitcoin, inatseka itaberedwa ma bitcoin 896. Wakubayo anatumiza mapempho ambirimbiri nthawi imodzi osamutsa ndalama kuchoka mu akaunti ina kupita ina. Pempho lililonse linkafunsa kuti "ndalama zilimo?" ndipo linkapeza kuti zilimo, chifukwa anzake anali asanalembe zimene achotsa. Ndi masitepe anayi a kwa azakhali aja, kungoti ochitidwa mwadala komanso mothamanga.

Ndiye tingatani? Njira zikuluzikulu zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Njira yoyamba: loko pachitseko

Ganizirani chimbudzi cha pasukulu chokhala ndi loko m'kati. Ukalowa umakhoma. Wina akabwera amapeza chokhoma, amadikira. Ukatuluka, naye amalowa n'kukhoma. Palibe amene amafunika kudziwa kuti m'kati muli ndani. Lamulo ndi limodzi basi: m'kati mukhale munthu mmodzi.

M'mapulogalamu chinthu chimenechi chimatchedwa lock kapena mutex. Foni ya azakhali isanawerenge nambala ya shuga, imayamba yakhoma. Iwerenga 20, ilemba 17, kenako itsegula. Foni ya msuweni, imene inali kudikira, tsopano iwerenga 17, ilemba 12. Yankho lolondola.

Mmodzi mwa anthu amene anayala maziko a zimenezi ndi Edsger Dijkstra wa ku Netherlands. Mu 1965 analemba za mmene mapulogalamu angapo angagawanire chinthu chimodzi mosapondana, ndipo anayambitsa chida chotchedwa semaphore. Dzinali ndi la zizindikiro za panjanji zimene zimauza sitima kuti ime kapena ipite, kuti sitima ziwiri zisalowe njanji imodzi.

Mtengo wa loko ndi kudikira. Tiyerekeze azakhali atsegula tsamba la shuga, loko wakhomeka, kenako kasitomala wayamba kuwafotokozera za maliro a kumudzi. Msuweni panja sangalowetse shuga mpaka nkhaniyo ithe. Nanga foni ya azakhali itazima batire loko ali chikhomere? N'chifukwa chake pali malamulo awiri amene olemba mapulogalamu amatsatira. Usagwire loko uku ukudikira munthu kuti aganize, ndipo loko wa pa netiweki azikhala ndi nthawi yomasuka yekha. Komanso khoma chinthu chaching'ono chimene ukufuna. Ukufuna shuga, khoma shuga, osati golosale yonse.

Pali msampha wina woopsa kuposa kudikira. Anyamata awiri akufuna kuphika nsima, koma poto ndi mmodzi, mthiko ndi umodzi. Woyamba watenga poto, akudikira mthiko. Wachiwiri watenga mthiko, akudikira poto. Aliyense wanenetsa kuti sataya chimene wagwira. Adzagona ndi njala onse. Izi zimatchedwa deadlock. Dijkstra anapereka funso lotere kwa ophunzira ake, ndipo Tony Hoare analikonza kukhala nkhani yotchuka ya anthu anzeru asanu okhala patebulo lozungulira, mafoloko alinso asanu, aliyense akufuna awiri kuti adye.

Mankhwala osavuta a deadlock ndi kugwirizana dongosolo. Aliyense ayambe watenga poto, kenako mthiko. Amene walephera kupeza poto sagwira mthiko, choncho sangatsekereze mnzake. Ku banki zimakhala chimodzimodzi. Ngati akaunti 101 ikutumiza ndalama ku 205 nthawi yomweyo imene 205 ikutumiza ku 101, pulogalamu imatha kukhala ndi lamulo lakuti nthawi zonse iyambe kukhoma akaunti ya nambala yaing'ono. Ma database ena, monga PostgreSQL, amazindikiranso okha kuti awiri akodwa, n'kuimitsa mmodzi kuti mnzake apitirire.

Njira yachiwiri: osakhoma, koma fufuza usanalembe

Nthawi zambiri anthu awiri sakhudza chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ndiye bwanji tizivutika ndi maloko pa ngozi yochitika mwa apo ndi apo? Njira yachiwiri imati aliyense agwire ntchito momasuka, koma pa nthawi yolemba afunse funso limodzi: kodi chinthuchi chasintha chiwerengereni ine?

Zimatheka poika kanambala kena pambali, kowerenga kuti chinthucho chasinthidwa kangati. Tinene kuti shuga ali 20, ndipo kanambala kali pa 7. Mafoni onse awiri awerenga 20 ndi 7. Foni ya azakhali ibwera n'kunena kuti: lemba 17 ngati kanambala kakadali 7. Kakadali 7, ndiye zatheka, ndipo kanambala kakwera kufika 8. Foni ya msuweni ibwera: lemba 15 ngati kanambala kakadali 7. Ayi, kali pa 8. Pempho lakanidwa. Foniyo iwerenganso, ipeza 17, ichotsa 5, ilemba 12.

Njirayi imatchedwa optimistic concurrency control, chifukwa imayamba ndi chiyembekezo chakuti zinthu ziyenda bwino. H. T. Kung ndi John T. Robinson anaifotokoza mu 1981. Ngati munayesapo kukonza nkhani pa Wikipedia, imene ya Chichewa iliponso, mwina munakumanapo ndi uthenga wakuti edit conflict. Umatanthauza kuti wina wasintha malo omwewo inu mukulemba, ndiye muone zake kaye musanasunge zanu. Ganizo lake ndi lomweli.

Mtengo wake ndi kubwereza ntchito. Ngati anthu 1,000 akulimbirana chinthu chimodzi, monga mpando womaliza m'basi, mmodzi yekha amapambana ulendo uliwonse, ena onse amayambiranso. Pamalo otero loko kapena mzere umachita bwino. Koma pamene kugundana n'kosowa, njirayi ndi yachangu, ndipo palibe amene amadikira nkhani ya maliro ithe.

Onaninso kuti kufunsa "kakadali 7?" ndi kulemba ziyenera kuchitika ngati sitepe imodzi yosagawika. Kupanda kutero tabwerera ku vuto lomwe lija, wina alowa pakati pa kufunsa ndi kulemba. Mapurosesa ali ndi lamulo lapadera la ntchito imeneyi lotchedwa compare-and-swap, ndipo maloko ambiri amamangidwa pamwamba pa malamulo ngati limeneli.

Njira yachitatu: nena chochita, usanene yankho

Iyi ndi imene inakonza pulogalamu ya azakhali. Kulakwa kwanga kunali kwakuti foni iliyonse inkachita yokha masamu n'kutumiza yankho: lemba 15. Ndinasintha kuti foni izitumiza chimene chachitika: chotsa 5. Masamu azichitikira kumene nambala ikukhala, mu database. M'chiyankhulo cha SQL zimaoneka chonchi:

UPDATE katundu SET otsala = otsala - 5 WHERE dzina = 'shuga' AND otsala >= 5;

M'Chichewa mzerewu ukuti: pa shuga chotsapo 5, koma pokhapokha ngati otsala akukwana 5. Database imakhoma mzere wa shuga kwa kanthawi kochepa kwambiri, n'kuwerenga, kuchotsa ndi kulemba, kenako n'kutsegula. "Chotsa 3" ndi "chotsa 5" zikafika limodzi, imazifoletsa ngati ndowa pamjigo. Kaya iyambe iti, yankho ndi 12. Mbali yomaliza ija, yofuna kuti otsala akwane, ndi imene imatseka khomo limene wakuba wa ku Flexcoin analowera. Kufufuza ndi kuchotsa zili m'sitepe imodzi.

Nanga ngati zosintha zili ziwiri zimene ziyenera kuyendera limodzi? Mayi anu akukutumizirani K5,000 ya thiransipoti pafoni. Mu akaunti yawo muchoke K5,000, mwanu mulowe K5,000. Magetsi atathima pakati pa masitepe awiriwa, ndalama zachoka uku koma sizinafike uko. Dongosolo lililonse losunga ndalama za anthu, kaya ndi banki, Airtel Money kapena Mpamba, liyenera kukhala ndi yankho la funso limeneli.

Yankho lodziwika limatchedwa transaction. Umamanga masitepe angapo mtolo umodzi, n'kuuza database kuti mtolowu uchitike wonse kapena usachitike n'komwe. Jim Gray wa ku America anagwira ntchito yaikulu pa ganizoli, ndipo analandira mphoto ya Turing mu 1998. Mu 1983 Theo Härder ndi Andreas Reuter anafupikitsa malonjezo a transaction m'zilembo zinayi, ACID.

A ndi atomicity: zonse zichitike, apo ayi pasachitike kalikonse. Zikalephereka pakati, zimene zinayambika zimabwezedwa.

C ndi consistency: malamulo asasweke. Ndalama za mayi anu ndi zanu mukaziphatikiza, pambali pa ndalama yolipira potumiza, zikhale chimodzimodzi kutumiza kusanachitike ndi kutachitika.

I ndi isolation: mitolo yochitika nthawi imodzi isaonerane ntchito yosatha. Apa ndi pamene pali nkhani yathu ya lero.

D ndi durability: database ikanena kuti zatheka, zikhale zathekadi, ngakhale magetsi athime sekondi yotsatira.

Chenjezo limodzi kwa inu amene mwayamba kulemba mapulogalamu. Kungoika masitepe mu transaction sikutanthauza kuti race condition yatha. Isolation ili ndi milingo, ndipo ma database ambiri sayambira pa mlingo wokhwima kwambiri chifukwa umachedwetsa ntchito. Pa mlingo wotsika, pulogalamu imene imawerenga nambala, kuchita masamu payokha, n'kudzalemba yankho, ikhoza kutayabe zosintha za mnzake. Muyenera kudziwa chimene database yanu ikulonjeza.

Batani lodinidwa kawiri

Nditakonza zimenezi panatuluka kavuto kena, kachibale kake. Netiweki ya kumsika imavuta. Msuweni akadina batani, uthenga wakuti "chotsa 5" unkafika, koma yankho lakuti "zatheka" linkasochera panjira. Iye poona foni ili duu, ankadinanso. Database inkachotsa 5 kawiri. Tsopano pulogalamu inkaonetsa katundu wochepa kuposa wa pashelefu.

Mankhwala ake ndi kupatsa malonda aliwonse nambala yakeyake, imene foni imapanga isanatumize. Ikatumizanso, imatumiza ndi nambala yomweyo. Database ikaona nambala imene inailandira kale, imangoyankha kuti zatheka, osachotsanso. Kuchita chinthu kawiri n'kupeza zotsatira zofanana ndi kuchichita kamodzi kumatchedwa idempotency. Mukaona uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama zapita, mupezamo nambala yaitali ya transaction imeneyo. Kutumiza kulikonse kuli ndi dzina lakelake, kuti kuthe kulondoledwa.

Kusinthaku kunabweretsa phindu lina. M'malo mosunga nambala imodzi yomafufutidwa, pulogalamu inayamba kusunga mndandanda wa malonda onse: nthawi, foni iti, chinthu chanji, zingati. Nambala ya zotsala ikakayikitsa, umangowerengetsa mndandandawo kuyambira pamwamba. Osunga mabuku a ndalama akhala akuchita zimenezi kwa zaka mazana ambiri. Safufuta mzere wakale, amawonjezera watsopano.

Yesani nokha m'kalasi

Simufunika kompyuta. Lembani 0 pabolodi. Sankhani anzanu awiri, aliyense ndi kope lake. Aliyense achite izi ka 10: ayang'ane nambala ya pabolodi n'kuikopera m'kope, atembenuke n'kuwonjezera 1 m'kopemo, kenako abwere afufute ya pabolodi n'kulemba yankho lake. Asadikirane, ndipo asayang'anenso bolodi pakati pa kukopera ndi kulemba. Yankho loyenera ndi 20. Onani chimene mupeze.

Kenako bwerezani ndi lamulo latsopano: choko ndi chimodzi, ndipo wololedwa kuyang'ana bolodi ndi amene wagwira choko yekha, mpaka atalemba yankho lake. Mupeza 20, koma yesani nthawi, muona kuti yatalika. Ameneyo ndi loko ndi mtengo wake. Ulendo wachitatu yesani njira ya kanambala kapambali, ndipo muwerenge kuti ndi kangati pamene wina wabwezedwa kukayambiranso.

Funso la amene amakonda masamu: pa ulendo woyamba uja, wopanda lamulo lililonse, nambala yaing'ono kwambiri imene ingatsale pabolodi onse atamaliza ndi iti? Ambiri amayankha 10. Ganizaninso bwino, ndi yaing'ono kuposa pamenepo. Yerekezani kuti wina wakopera nambala n'kuchedwa nayo nthawi yaitali asanalembe.

Kubwerera ku golosale

Tsiku limene tinawerenga ndalama lija, ndinatenga mafoni onse awiri n'kuwaonetsa azakhali masitepe anayi aja maso awo akuona. Ndinatsegula shuga pa mafoni onse, ndinachotsa 3 uku, 5 uko, nambala inatuluka 15. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti mwana wanga ndamunamizira chifukwa cha iwe?"

"Eya, azakhali. Ndalakwa ndine, mundikhululukire."

Anamuitana msuweni kuchokera patebulo, ndipo anamupepesa ine ndili pompo. Ine ndinamugulira mayunitsi, koma mpaka lero tikakumana amandifunsa ngati shuga wake ndinamupeza.

Chimene ndinatolapo ndi funso limodzi, ndipo ndimalifunsa pa pulogalamu iliyonse imene ndikulemba. Paliponse pamene ndawerenga nambala n'kudzalemba ina pambuyo pake, ndimaima n'kudzifunsa kuti: wina atasintha chinthuchi pakati pa masitepe awiriwa, chingachitike n'chiyani, ndipo amene angavutike ndani? Ngati yankho lili lakuti palibe chingaonongeke, ndimapitirira. Ngati lili lakuti munthu ataya ndalama, mpando, mankhwala kapena mbiri yake, ndimasankha imodzi mwa njira zitatu zija ndisanapite patsogolo, ndipo ndimayesa ndi mafoni awiri, osati imodzi.

Azakhali pulogalamu akuigwiritsabe ntchito. Koma kope lawo la chikuto cholimba sanalitaye, ndipo tsiku la msika likatha amawerengabe shelefu ndi manja.